Kodi ArrayList yakale ndiisinthe kukhala List<int>?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera kuti wapatsidwa pulogalamu yakale yolembedwa m'chilankhulo cha C# yosungira malikisi a ophunzira, ndipo paliponse m'pulogalamumo muli ArrayList, mtundu wakale wa mndandanda wosungiramo zinthu. Akufunsa ngati m'pofunikadi kusintha n'kuikapo List<int>, mndandanda wolandira manambala athunthu (int) okha, popeza zinthu zikuyenda bwinobwino.

Ine ndinganene kuti musinthe, ngakhale kuti chifukwa chachikulu si liwiro monga ambiri amanenera.

ArrayList imalandira china chilichonse, chifukwa zonse zimene mwaikamo imaziona ngati object, mtundu woimira chinthu chilichonse. Mukaikamo nambala 78, kenako "78" wochokera m'kabokosi kamene mphunzitsi walembamo, yemwe kwenikweni ndi string (mawu, osati nambala), kompaila, pulogalamu yofufuza ndi kumasulira zimene mwalemba, siidandaula ngakhale pang'ono. Cholakwikacho chimabisala mpaka tsiku limene mzere wakuti (int)malikisi[1], wofuna kutenga "78" uja ngati nambala, udzafikiridwe, ndipo pamenepo pulogalamu idzaima ndi uthenga wa cholakwika wotchedwa InvalidCastException pamaso pa mphunzitsi amene akuthamangira kutulutsa zotsatira za teremu. Mukagwiritsa ntchito List<int>, mzere wakuti malikisi.Add("78") sudutsa n'komwe pa kompaila, choncho vutolo mumaliona inuyo muli pa desiki yanu, lisanafike kwa munthu wina.

Za liwiro n'zoona ndithu. Int aliyense wolowa mu ArrayList amayamba wakutidwa kukhala object pa heap (gawo la memory losungira ma object), zimene amazitcha boxing, ndipo garbage collector, wochotsa ma object amene sakugwiranso ntchito, amakhala ndi ntchito yambiri yosesa. Koma pa malikisi a sukulu imodzi simungaone kusiyana kulikonse.

Amene analemba pulogalamuyo musawaweruze msanga. ArrayList inabwera ndi .NET 1.0 mu 2002, pamene ma generics, njira yonenera mtundu wa zinthu zolowa mu mndandanda, anafika mu 2005 ndi C# 2.0, kotero mwina nthawi imeneyo panalibe njira ina. Masiku ano a Microsoft eni ake amalangiza kuti ArrayList isagwiritsidwe ntchito m'mapulogalamu atsopano. Musasokonezeke ndi chilankhulo cha Java, kumene dzina lomweli lakuti ArrayList linalandira ma generics mu 2004. Komabe kumeneko ArrayList<Integer> imachitabe boxing.

Ngati mupeza kuti mndandanda wina anasakanizamo dala dzina, kalasi ndi malikisi, musathawire ku List<object>, chifukwa mudzangobwerera pa vuto lomwe lija. Pangani class ya Wophunzira n'kukhala ndi List<Wophunzira>. Sinthani mndandanda umodzi pa nthawi, ndipo malo alionse amene kompaila idzadandaule muwawerenge mosamala musanawakonze, poti ena mwa iwo ndi pamene string inkalowera m'malo mwa nambala.