Kodi kukweza kutentha kungalimbitse timakristalo towala ta perovskite?

Wophunzira wina wa chemistry wanditumizira imelo kufunsa chifukwa chimene timakristalo ta CsPbBr3 (mtundu wa makristalo otchedwa perovskite, wopangidwa ndi caesium, lead ndi bromine) timene anapanga pa madigiri 120 tinkawalira mwa buluu poyamba, kenako n'kusanduka tobiriwira patapita masiku ochepa, ndipo akufuna kudziwa ngati kukweza kutentha kungathetse vutoli.

Yankho langa kwa wophunzirayo ndi ili: kutentha pakokha sikulimbitsa kakristalo, koma kumasankha kukula kwake ndi maumbidwe ake, ndipo kulimba kumachokera pamenepo. M'njira imene Loredana Protesescu ndi gulu la Maksym Kovalenko ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland anafalitsa mu 2015, caesium oleate amabayidwa mumsanganizo wa PbBr2 (lead bromide), oleic acid, oleylamine ndi octadecene wotentha madigiri 140 mpaka 200, ndipo pakangopita masekondi 5 botolo limamizidwa m'madzi a ayezi kuti kukula kuime. Pamatuluka timabokosi ta nanomita 4 mpaka 15 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita), ndipo tokulirapo timachokera ku kutentha kokwera. Chaka chomwecho gulu la Paul Alivisatos ku Berkeley linaonetsa kuti kutentha kukatsika kufika pa madigiri 130 kapena kucheperapo, pamatuluka timapepala topyapyala kwambiri. Ndikukhulupirira kuti n'zimene munapanga inu. Kupyapyalako ndiko kumabweretsa buluu, koma gawo lalikulu la kapepala kotere lili kunja, ndipo oleic acid ndi oleylamine zimene zimakateteza sizigwira zolimba, zimangomata n'kumatuka. Zikamatuka, timapepala timakhudzana n'kuphatikizana, ndipo tikanenepa kuwala kumasunthira ku mtundu wobiriwira.

Musaganize kuti chachikulu chimalimba nthawi zonse. CsPbI3 (perovskite yokhala ndi iodine m'malo mwa bromine) yaikulu imasiya maumbidwe ake akuda owala n'kusanduka yachikasu yosawala ikakhala pa kutentha kwa m'chipinda, koma mu 2016 Abhishek Swarnkar ndi anzake ku NREL, malo ofufuzira za mphamvu ku Colorado, anaonetsa kuti timakristalo tating'ono timasunga maumbidwe akudawo kwa miyezi. Chimene chimandikhudza kwambiri pa ntchito yawo ndi kutsuka: anasankha methyl acetate chifukwa sakokolola zoteteza zonse.

Choncho ngati mukufuna kuwala kobiriwira kokhalitsa, bayani pa madigiri 160 mpaka 180, ziziritsani msanga, tsukani mofatsa, ndipo musalole chinyezi kulowa m'botolo. Ngati buluu ndiye mukufuna, yesani kusakaniza PbCl2 (lead chloride) ndi PbBr2 pa kutentha kokwerako kuti mtundu uchokere ku chloride, osati ku kupyapyala.