Phungu wa ku Sindh timutchule bwanji m'Chichewa?

Mphunzitsi wina wa ku Zomba, amene amathandizanso kulemba nkhani za kunja pa wailesi ya m'dera lawo, wandifunsa motere: "Ndikulemba za a Murad Ali Shah a ku Pakistan. M'Chingerezi akuti ndi MPA (Member of the Provincial Assembly) komanso Chief Minister. Kodi ndingangoti phungu ndi nduna yaikulu?"

Aphunzitsi, mawuwo ndi olondola, koma akaima okha asocheretsa omvera. Kwathu kuno tikati phungu, aliyense amaganiza za Nyumba ya Malamulo imodzi ija ya ku Lilongwe. Ku Pakistan zinthu zili mosiyana. Kuli nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Islamabad, ndipo zigawo zinayi, Punjab, Sindh, Khyber Pakhtunkhwa ndi Balochistan, chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo ndi nduna zake. A Shah, a chipani cha Pakistan Peoples Party (PPP), anasankhidwa koyamba mu 2002 kulowa m'nyumba ya chigawo cha Sindh, imene imakumana ku Karachi. Choncho nenani kuti "phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Sindh". N'zoona kuti mawuwa atalika, koma mukawatchula kamodzi kumayambiriro, kutsogolo konseko mungoti "phunguyu".

Chonde musalembe "phungu wa dera la Sindh". Dera ndi kachigawo kamene anthu ake amavotera phungu mmodzi, ndipo Sindh ili ndi madera ambirimbiri oterowo. Mawu akuti boma nawonso apeweni pamenepa, chifukwa womvera aganiza za boma ngati la Dedza kapena Mangochi.

Pa za unduna m'pamene ndikufuna tisamale kwambiri. M'boma la a Qaim Ali Shah, amene anali nduna yaikulu ya Sindh panthawiyo, a Murad Ali Shah anakhalapo nduna yoona za ulimi wothirira komanso nduna ya zachuma, koma ya Sindh yokha. Mu July 2016 analowa m'malo mwa a Qaim Ali Shah, ndipo anasankhidwanso mu 2018 ndi mu 2024. Mukangoti "nduna yaikulu", agogo amene akumvera wailesi pakhonde akumbukira udindo umene Kamuzu anali nawo dziko lisanakhale lipabuliki mu 1966, ndipo aganiza kuti a Shah ndiwo akulamulira Pakistan yense. Onjezani: "nduna yaikulu ya chigawo cha Sindh". Anzathu a ku Zambia ali nazo nduna za zigawo, koma zimenezo amazisankha pulezidenti, pomwe ku Sindh aphungu a chigawocho ndiwo amavotera mtsogoleri wawo.

Munafunsanso ngati tinene "nduna yanena" kapena "nduna anena". Dzina loti nduna limatenga ya ndi za: nduna ya zachuma yanena, nduna zonse zagwirizana. Koma mukatchula dzina la munthuyo, ulemu umalowapo: "Nduna yaikulu ya Sindh, a Murad Ali Shah, anena kuti…" Chimene chimandipweteka m'makutu ndi kumva wowerenga nkhani akuti "nduna wa zachuma". Phungu ndiye amatenga wa, ndipo akachuluka ndi aphungu a. Ka "a" kaulemu kaja kalembeni padera, ndipo dzinalo musalisinthe kalembedwe: a Shah, osati aSha.