Funsani Mmisiri: Mbale Zamtengo Zopyapyala

FUNSO: Ndimasema mbale pa torno, makina ozungulitsa mtengo posema. Ndinaona chithunzi cha mbale ya mtengo wa dogwood, yopyapyala moti kuwala kumadutsa. Kodi mtengowu umapezeka kuno? Nanga n'chifukwa chiyani zanga zimang'aluka masiku atatu asanathe? Wowerenga wa ku Ulongwe.

YANKHO: Bambo, dogwood kwawo ndi kum'mawa kwa North America, kuno sumera. Ndi mtengo waung'ono, wolimba ndi wosalala, moti kale ankapangira timitengo toyendetsa ulusi m'mafakitale oluka nsalu. Koma musaulirire, chifukwa pouma umakhwinyata kwambiri ndipo suchedwa kung'aluka. Mango ndi jakaranda zikuchitirani ntchito yomweyo. Mlombwa, umene anzathu amati umbila, ndiye wofatsa, sukhwinyata kwenikweni. Tsanya musiyeni kaye, amabunthitsa tchizulo kangapo mbale isanathe.

Za ming'alu, yambani mwayang'ana mtima wa mtengo. Chipika chiduleni pakati m'litali, muchotse thabwa la masentimita 2 kapena 3 lomwe muli mtimawo, mbale ichokere m'theka lililonse. Mtima ukatsala m'mbale, mng'alu uyambira pomwepo ngakhale mutasamala bwanji.

Chachiwiri ndi makulidwe osafanana. Mlomo wa mamilimita 3 umauma tsiku limodzi, pamene pansi pa mamilimita 15 pakadali madzi. Kumwamba kukukhwinyata, pansi pakukana, ndiye mtengo ungong'ambika. Mbale yonse ikhale mamilimita 3 kapena 4, kuyambira kumlomo mpaka pansi, ndipo kachitsa kogwirira mbale pa torno muchotse tsiku lomwelo.

Semani mtengo uli wauwisi. Tsirizani kunja konse kaye, kenako m'kati mulowe pang'onopang'ono: kumbani masentimita 2, pyapyalitsani gawo limenelo mpaka lithe, ndiye mutsike. Chimtengo chotsala pakati ndicho chimachirikiza khoma kuti lisanjenjemere. Kumlomo musabwerereko. Pofika pansi n'kuti mlomo utayamba kale kupindika, ndipo tchizulo ikaukhudza imakodwa, mbale n'kuphulika. Ikani nyale kuseri kwa khoma. Pomwe pakuwala kwambiri ndi popyapyala, pomwe pali mdima mpofunika kupalanso. Izi zimatheka pa mtengo woyera wauwisi, pa mlombwa dalirani chopimira makulidwe. Khoma likayamba kuuma mukadasema, liwazeni madzi.

Mbale ya masentimita 20 izungulire maulendo apakati pa 750 ndi 1,100 pa mphindi, koma chipika chikadali chosalinganira yambani pang'ono. Tchizulo ikhale ya ngalande yakuya, yosemera mbale, osati yaikulu yosendera miyendo ya mipando ija; imeneyo imathyokera pachigwiriro. Inoleni musanapale komaliza, ndipo kumaso muvale chotchinga chonse, magalasi okha sakwanira.

FUNSO: Kwathu kuno kumatentha kwambiri. Mbale ndiziumitse bwanji, ndipo bwanji zimasanduka ngati dzira? Wowerenga wa ku Moatize.

YANKHO: Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40, ndipo mbale yosiyidwa pamphepo yotero imang'aluka dzuwa lisanalowe. A ku Angónia ndi Tsangano ali ndi mwayi pamenepa, poti kwawo n'kozizirirapo. Ikani mbale m'katoni kapena m'thumba lapepala pamodzi ndi zopala zake, muike pansi m'chipinda chozizirirapo. Pulasitiki ayi, imachititsa nkhungu. Ya mamilimita 4 imauma pa sabata imodzi kapena ziwiri. Muziiika pa sikelo masiku awiri aliwonse; kulemera kukasiya kutsika, yauma.

Za dziralo, palibe chomwe mwalakwitsa. Mtengo umakhwinyata chopingasa koma m'litali ayi, choncho mbale yauwisi iyenera kupindika, ndipo ogula ena amazikonda choncho. Mukafuna yozungulira bwino, semani kawiri. Koyamba siyani khoma lokhuthala gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa mbale, ndiye kuti masentimita 2 pa mbale ya 20. Pakani phula kapena guluu wa matabwa komwe kwaduka minyewa ya mtengo, dikirani miyezi ingapo, kenako muibwezere pa torno n'kuipyapyalitsa.

Ikauma, ikwecheni ndi sandipepa wa 120, 180 mpaka 240, osadumpha nambala. Ngati ndi yodyera, pakani phula la njuchi losungunulira m'mafuta a mineral a ku famase. Mafuta ophikira amavunda m'mtengo, mbale n'kuyamba fungo.