Kamera yanga ikungolemba F00, kodi yayamba kuwonongeka?

FUNSO: Zikomo akulu. Ndine mnyamata wa ku Zomba, ndimajambula pa zinkhoswe ndi pa maukwati. Ndili ndi Canon 600D yomwe ndinagula kwa munthu. Posachedwa amalume anga anandipatsa lenzi yakale imene ankajambulira nthawi ya filimu, yolembedwa kuti Helios 44-2, 58mm. Ndinagula adaputa yolumikizira lenziyo ku kamera, ndipo zithunzi zikutuluka bwino. Koma pamene pamaoneka nambala ya aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lenzi), kamera ikungolemba F00 ngakhale ndizungulize mphete ya pa lenziyo. Ndikaika zithunzizo pa kompyuta, nambalayo kulibenso. Kodi kamerayi yayamba kufa? Nanga nditani kuti izilemba?

YANKHO: Achimwene, mtima m'malo, kamera yanu ili bwinobwino. Ndipo amalume anuwo muwathokoze, chifukwa lenzi imeneyo, yopangidwa ku Soviet Union, anthu ambiri amaisakasaka lero kaamba ka mmene imasungunulira kumbuyo kwa munthu pachithunzi.

Tachotsani lenzi imene inabwera ndi kamerayo, muitembenuze, muone kumbuyo kwake. Muona tizitsulo tonyezimira ngati golide tili pamzere. Suzumiraninso pakamwa pa kamera, chakumunsi, muona tina tofanana nato. Mukamanga lenzi, tizitsulo timeneti timakhudzana, ndipo ndi momwe lenzi imauzira kamera kuti ine ndine wakuti, utali wanga ndi uwu, bowo langa limatseguka kufika apa. Kamera nayo imadutsa momwemo polamula kuti tseka bowo ufike pa f/5.6. Canon inayamba dongosolo limeneli mu 1987 pamene inatulutsa makamera a EOS, ndipo kuyambira pamenepo palibe kachitsulo kokankha kapena kokoka pakati pa kamera ndi lenzi, zonse zimayenda ndi magetsi.

Tsopano tembenuzani Helios ija. Mupeza mazinga okha omangira, aja a M42, basi. Ilibe pakamwa poti ilankhulire. Adaputa yanunso ndi chitsulo chabe. Choncho kamera ikuona ngati palibe lenzi iliyonse, ndipo F00 ndi njira ya Canon yonenera kuti palibe chimene yauzidwa. Makamera a Sony ndi a Pentax pamenepa amalemba F ndi timizere tiwiri.

Nambala zimene mumaziona pa kompyuta zija, tsiku, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala), liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala pojambula), aperture, zimasungidwa m'kati mwa fayilo ya chithunzi m'gawo lotchedwa EXIF, lomwe linakhazikitsidwa ku Japan mu 1995. ISO ndi shutter kamera imazidziwa yokha chifukwa ndi zake. Aperture ndi ya lenzi. Apa kamera ili ngati mlembi wa chipepeso pamaliro: amalemba m'buku zokhazo zimene zadutsa m'manja mwake. Ufa umene wina wakatula kuseri kwa azimayi udyedwa ndithu, koma m'buku simuupeza. Mukatseka bowo pa f/8, chithunzi chijambulidwadi pa f/8. Chimene chikusowa ndi kulembedwa kokha.

Pojambula chitani chonchi. Ikani kamera pa Av (pamene kamera imasankha yokha shutter) kapena pa M (pamene mumasankha zonse nokha). Helios 44-2 ili ndi mphete ziwiri kutsogolo. Ina imalira kuti khethekhethe mukamaizunguliza, imeneyo ndi yosankhira polekezera, tinene f/5.6. Inayo imayenda myaa, ndipo ndi imene imatsegula ndi kutseka bowo lenilenilo. Tsegulani bowo lonse kuti muone bwino, lunjikani pa maso a mkwatibwi, kenako zungulizani mphete yosalalayo mpaka itaima, ndiye dinani. Muona kuti mukatseka, mu viewfinder, mosuzumira ndi diso muja, mukuchita mdima. Si vuto. Kamera ikuyeza kuwala kumene kwadutsadi pabowolo, ndipo pa Av isankha yokha shutter yoyenera. Masiku oyamba muzisuzumira kutsogolo kwa lenzi kuti muone ndi maso ngati timasamba tachitsulo tija tatseka kapena tatseguka, chifukwa manambala a pa mphete ziwirizi amasokoneza ambiri.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, loti mutani kuti izilemba. Anzanu akuuzani kuti gulani adaputa ya chip. Ilipodi, ndipo ubwino wake ndi woti kamera imalira kapena kuyatsa kadontho mukalunjika bwino, zomwe zimathandiza m'tchalitchi mwa mdima. Koma pa nkhani ya aperture ndikuchenjezeni. Chip chija sichilumikizana ndi mphete ya lenzi. Chinangouzidwa nambala imodzi, kawirikawiri f/1.4 kapena ina yotero, ndipo chimabwereza yomweyo pa chithunzi chilichonse, kaya mwajambula pa f/2 kaya pa f/16. Kwa ine F00 ndi yabwino kuposa nambala yabodza. Munthu amene akuphunzira amabwerera ku zithunzi zake kuti aone chimene chinayenda ndi chimene chinalakwika. Akapeza f/1.4 pa chithunzi cha gulu la anthu makumi atatu onse akuoneka bwino, aphunzira zolakwika, ndipo ukwati wotsatira akaononga chithunzi cha banja la eni ake.

Ma chip ena amalola kuti musinthe nambalayo pa kamera kuti ifanane ndi ya pa lenzi. Zimenezi muzichita muli pa M basi. Pa Av kamera imaganiza kuti ikuyeza kuwala bowo lili lotsegula ndipo kuti ilitseka yokha pojambula, ndiye imatalikitsa shutter pamene inu mwatseka kale ndi dzanja. Diresi loyera lija lituluka lopserera, lopanda ulusi ndi umodzi womwe wooneka.

Ngakhale makamera odula kwambiri vutoli ali nalo. Leica, pa kamera yake ya M8 ya mu 2006, inaika kadiso kakang'ono kutsogolo koyeza kuwala kwa panja, n'kumayerekeza ndi kuwala kumene kwadutsa mu lenzi, kenako n'kulemba nambala yongoganizira. Nthawi zina imalondola, nthawi zina imaphonya.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yakale ija: kulemba nokha. Simungalembe chithunzi chilichonse pa ukwati, ndikudziwa, koma mungathe kugawa ntchito. M'tchalitchi khalani pa f/2 kapena f/2.8, panja pa zithunzi za magulu f/8, ndipo mukasintha, jambulani mphete ya lenziyo ndi foni yanu. Nthawi ya pa foni mukaiyerekeza ndi ya pa zithunzi, mudziwa kuti kuyambira apa kufika apa ndinali pa nambala yakuti. Onetsetsani chabe kuti wotchi ya kamera ndi ya foni zikugwirizana. Ngati mukufuna kuti nambalayo ilowe mu fayilo, pali pulogalamu yaulere yotchedwa ExifTool, yolembedwa ndi Phil Harvey, imene imatha kulemba aperture ndi dzina la lenzi pa zithunzi zambiri nthawi imodzi.

FUNSO: Ndine mtsikana wa ku Lilongwe. Ndili ndi Nikon D7000 ndi lenzi yakale ya Nikkor 50mm f/1.8 yopanda tizitsulo tamagetsi. Mnzanga akuti kamera yanga ingathe kulemba aperture, koma pa D3200 yake zimakanika. Zoona zake n'ziti?

YANKHO: Mnzanuyo akunena zoona, achemwali, ndipo inu muli ndi mwayi. Nikon sinasinthe pakamwa pa makamera ake a F kuyambira 1959, ndipo mu 1977 inabweretsa dongosolo lotchedwa AI. Yang'anani m'mphepete mwa mphete ya aperture kumbuyo kwa lenzi yanu, muona pamene panasemedwa n'kusiya kampanda kotukuka. Pa D7000, kuzungulira pomangira lenzi, pali kachitsulo kakuda kamene kamasuntha mukakakankha ndi chala. Mukazunguliza mphete, kampanda kaja kamakankha kachitsuloka, ndipo kamera imadziwa kuti mwatseka ndi masitepe angati kuchokera potseguka penipeni.

Chimene siidziwa n'chakuti poyambirapo ndi pati. Muiuze ndinu. Pitani mu Setup Menu, pezani Non-CPU lens data, lembani 50mm ndi f/1.8. Mukatero, pa A (imene ili ngati Av ya Canon) kapena pa M, nambala yeniyeni iyamba kuoneka ndipo ilowanso mu EXIF. Kamerayi imasunga malenzi okwana 9, koma samalani: mukasintha lenzi n'kuiwala kusankha nambala yake mu menyu, ilemba zabodza mosakayika konse. D3200 ya mnzanuyo ilibe kachitsulo kameneka, monganso abale ake a D3000 ndi D5000. Kumeneko lenziyo ijambula pa M pokha, popanda ngakhale kuyeza kuwala.

Chenjezo limodzi lofunika. Mukapeza Nikkor yakale kwambiri, ya 1977 isanafike, imene mphete yake ndi yosalala kumbuyo konse popanda posemedwa, musaikakamize pa D7000. Imafinya kachitsulo kaja ndipo kangathe kuthyoka.

Ndionjezepo za uthenga wa FEE, poti ambiri a Nikon amandifunsa. Umenewu umabwera pa malenzi amene ali ndi zonse ziwiri, mphete ndi tizitsulo tamagetsi, monga a AF-D. Kamera ikufuna kuti mphete muiike pa nambala yaikulu kwambiri, imene kawirikawiri imapakidwa utoto wa olenji, muikhome ndi kabatani kake, ndipo aperture muzisinthira pa kamera. Ikatero imalemba zonse bwinobwino.

FUNSO: Ine lenzi yanga ndi yamakono, koma ndimajambula pa M ndipo nthawi zina ndimazimitsa autofocus. Kasitomala wina wa ku Mzuzu atalandira zithunzi akuti sizikuonetsa nambala iliyonse. Kodi n'chifukwa cha M?

YANKHO: Ayi, M alibe mlandu. Malinga lenzi ili ndi tizitsulo tija, kamera imalemba aperture kaya mwasankha ndinu kaya yasankha yokha, ndipo kuzimitsa autofocus sikusintha kanthu. Funso langa ndi loti munatumiza bwanji. Mukatumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachichepetsa n'kuchotsa EXIF. Facebook nayo imachotsa zambiri mwa zimenezi. Tumizani ngati Document, fayilo ifika mmene inatulukira mu kamera, ngakhale idya bandulo yochulukirapo. Onaninso pulogalamu imene mumakonzera zithunzi, chifukwa ena mwa mapulogalamuwa ali ndi pochonga poti achotse zolembedwazi posunga fayilo yatsopano.