Kodi ndingochonga chipani chimodzi n'kumapita?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wakhala ku Michigan zaka zambiri ndipo posachedwapa walandira unzika wa America. Akuti ataona chitsanzo cha pepala lovotera anagwa mphwayi. Mayina ali mbwee, kutsogolo ndi kuseri komwe, ndipo ambiri sanawamvepo n'kale lonse. Pamwamba penipeni anaona kachigawo kolembedwa kuti straight party ticket, pamene munthu amadetsa kabwalo kamodzi basi, ndipo voti yake imapita kwa onse oimira chipanicho. Funso lawo linali lakuti, "Ndikachonga pamenepo, ndiye kuti ndavota mwaulesi kapena mwanzeru?"

Amayi, choyamba ndikuyamikireni pa unzikawo. Yankho langa ndi lakuti dzina la chipani limakuuzani zambiri pa mipando ina, pomwe pa mipando ina silikuuzani kanthu. Vuto la kabwalo kaja ndi lakuti kamamanga zonsezi mtolo umodzi.

Mawu akuti tikiti ali ndi mbiri yake. Kwa nthawi yaitali m'zaka za m'ma 1800 boma la America silinkasindikiza mapepala ovotera. Chipani chilichonse chinkasindikiza tikiti yake yokhala ndi mayina a anthu ake okha, nthawi zambiri ya mtundu wosiyana ndi ya anzawo, moti amene waima pambali ankadziwiratu kumene mwaponya. Wofuna kusakaniza ankachita kufufuta dzina n'kulembapo lina. Pepala limodzi lachinsinsi losindikizidwa ndi boma, lomwe linayambira ku Australia mu 1856, linafika ku Massachusetts mu 1888 n'kufalikira msanga m'zigawo zina. Koma zipani zinaonetsetsa kuti njira yachidule yatsalapo. Lero zigawo zambiri zinaichotsa. Texas, Pennsylvania ndi Utah anaisiya cha m'ma 2020, ndipo mwa zotsalazo muli Alabama, Indiana, Kentucky, Oklahoma, South Carolina ndi kwanuko.

Ndiyambe ndi kuikira kumbuyo ovotera chipani, chifukwa anthu ophunzira amakonda kuwanyoza. Mumva wina akudzitama kuti iye amavotera munthu osati chipani. Zimamveka bwino, koma ku nyumba ya malamulo zinthu siziyenda choncho. Ku Congress, chipani chimene chili ndi aphungu ambiri ndicho chimasankha sipikala, chimatenga mipando ya wapampando m'makomiti, ndipo chimagamula kuti ndi bilu iti ikambidwe, iti igone m'kabati. Phungu wanu akhoza kukhala waulemu ndi wolimbikira, koma voti yake yoyamba akangofika ndi yopatsa chipani chake mphamvu zimenezi. Ngati mumagwirizana ndi chipani china pa nkhani ya misonkho, inshuwalansi ya zaumoyo kapena malamulo olowera m'dziko, kuvotera phungu wa chipani chinacho chifukwa amayankhula mokoma ndi kudzitchera ndale nokha. Ndiponso mutu umodzi susenza denga. Mukasankha pulezidenti n'kumumana aphungu, musadzadabwe zimene analonjeza zikadzakanika. Ena amachita dala zimenezi kuti mbali ziwirizo zizilonderana, ndipo maganizo amenewo ndimawalemekeza, bola munthu akhale akudziwa chimene akuchita.

Tsopano tsikani m'munsi mwa pepala lanu. Mupezamo sheriff (mkulu wa apolisi wa county, dera longa boma laling'ono m'kati mwa chigawo), woimira boma pa milandu, kalaliki wa county, wosunga zikalata za malo, ndi m'ma county ambiri mkulu woyang'anira ngalande za madzi, amene amati drain commissioner. Mupezanso mamembala a mabodi oyendetsa University of Michigan, Michigan State ndi Wayne State. Onsewa amaima pa dzina la chipani. Koma ngalande yotsekeka ilibe chipani. Pa mipando yotere munthu amagwira ntchito payekha, ndipo chofunika ndi chakuti kodi ntchitoyo amaidziwa, kodi ndalama za anthu amazigwira bwanji. Apa ndi pamene kabwalo kamodzi kamalowetsa anthu amene palibe anawafufuza, n'kuchotsa ena amene sanalakwe kanthu.

Chitsanzo chimene anthu amachitchula kawirikawiri ndi cha Harris County ku Texas, kumene kuli mzinda wa Houston. Mu 2018, chisankho chomaliza chimene Texas inali ndi njirayi, a Democrat anasesa mipando ya oweruza milandu m'county yonseyo. Ed Emmett wa Republican, amene anatsogolera county kwa zaka zoposa khumi ndipo ankayamikiridwa ngakhale ndi a mbali inayo, anagonja kwa Lina Hidalgo, amene anali ndi zaka 27 ndipo anali asanakhalepo pa mpando uliwonse. Sindikunena kuti Hidalgo sanali woyenera, popeza anthu anamusankhanso mu 2022. Ndikungonena kuti ambiri mwa amene anagamula mpikisanowu maso awo anali pamwamba pa pepala, pa nkhondo yolimbirana mpando wa seneta (phungu woimira chigawo chonse ku Congress) pakati pa Beto O'Rourke wa Democrat ndi Ted Cruz wa Republican.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji osangochotsa kabwaloko. Kwanuko ayesapo katatu. Aphungu anakachotsa, anthu n'kukabweza pa referendamu mu 1964, ndipo zinachitikanso chimodzimodzi mu 2002. Mu 2016 gavanala Rick Snyder anasainira lamulo lina lokachotsa, nkhani inapita kukhoti, ndipo mu 2018 ovota anavomereza Proposal 3 yomwe inakalowetsa m'malamulo aakulu a chigawocho. Otsutsa lamulo la Snyder ankati anthu akuda a m'mizinda ngati Detroit ndiwo amagwiritsa ntchito kwambiri njirayi, ndipo pepala lalitali chonchi, aliyense akamadetsa malo amodziamodzi, mizere idzatalika mpaka ena kubwerera osavota. Mfundo imeneyi ine ndimaiona kuti ndi yoona. Palinso ina, yakuti popanda njira yachidule anthu ambiri amatopera pakati n'kusiya mipando ya m'munsi yopanda kanthu. Ndipo kunena zoona, andale akamakangana pa nkhaniyi sakhala akuganiza za nzeru za ovota. Aliyense amakhala atawerengera kuti mbali yake ipindula kapena iluza.

Chondiseketsa n'chakuti kuchotsa kabwalo sikuchotsa chizolowezi. Mu 2016 chigawo chilichonse chimene chinali ndi chisankho cha seneta chinasankha wa chipani chomwecho chimene chinapambana pa upulezidenti, ngakhale zambiri mwa zigawozo zinalibe kabwalo. Mu 2020 ndi Maine yekha amene anapatuka, posankha Joe Biden wa Democrat pa upulezidenti ndi Susan Collins wa Republican pa useneta. Komabe ochepa amene amasakanizawo nthawi zina ndiwo amagamula. Mu 2024 Donald Trump wa Republican anapambana ku Michigan, koma mpando wa seneta unapita kwa Elissa Slotkin wa Democrat ndi mavoti osakwana 20,000.

Ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Pa pulezidenti, Congress ndi aphungu a ku Lansing, likulu la Michigan, tsatani chipani chimene mfundo zake mukugwirizana nazo, ndipo musachite nazo manyazi, pokhapokha woimirayo ali ndi mbiri imene mtima wanu ukukana. Pa mipando ya county ndi mabodi aja, patulani madzulo amodzi muwerenge za munthu aliyense. Malamulo akwanuko amakuthandizani pamenepa. Pa chisankho cha mu Novembala mukhoza kudetsa kabwalo ka chipani, kenako n'kusankha munthu wa chipani china pa mpando umene mukufuna, ndipo makina adzawerenga zimene mwasankha pa mpandowo. Izi musayese pa mapulaimale a mu Ogasiti, chifukwa kumeneko mukadumphira zipani ziwiri mavoti anu a gawo la zipani amaonongeka.

Ndipo mukachonga musathamangire kukaponya. Kabwalo kaja sikakhudza oweruza milandu, mabodi a sukulu za m'dera lanu, ngakhalenso mafunso a referendamu. Oweruza a Supreme Court ya Michigan amasankhidwa ku misonkhano ya zipani, koma pa pepala mayina awo amaoneka opanda chipani, choncho muyenera kuwadziwiratu musanachoke kunyumba. Tembenuzani pepalalo, nthawi zambiri amakhala kuseri.