Miyendo kufooka si potaziyamu wochepa nthawi zonse

Achemwali, amene akukuuzani kuti mayi anu angodya nthochi zambiri zowonjezera potaziyamu (mchere wina wofunika m'magazi) chifukwa miyendo yafooka, musawamvere kaye. Potaziyamu akachepa miyendo imafooka, akachuluka imafookanso chimodzimodzi. Popanda kuyeza magazi mukungolota.

Bambo anga ankamwa enalapril wa BP, kenako dokotala wina anawonjezera spironolactone chifukwa mapazi ankatupa, osawayeza impso ngakhale kamodzi. Nditafunsa anandiyankha mwamwano, ati dokotala ndi ndani pano, inu kapena ine? Bondo likawawa bambo ankamwanso diclofenac. Atayamba kufooka, wogulitsa mankhwala wina anangowayang'ana n'kutipatsa mapiritsi a potaziyamu. Kunali kuthira palafini pamoto.

Usiku wina bambo anadzuka kuti apite kuchimbudzi, miyendo inakana. Anagwera pakati pa bedi ndi chitseko, thukuta kamukamu, akuti milomo yachita dzanzi. Nditagwira pamkono, mtima ukugunda pang'onopang'ono, kukhala ngati waima, n'kuyambanso. Mayi anga akungolira, ine ndikulephera ngakhale kuwanyamula. Kuchipatala namwino atangoona pepala la ECG (loonetsa kagundidwe ka mtima) anathamanga kukaitana anzake. Potaziyamu anali pa 7.3, pomwe woyenera ndi pakati pa 3.5 ndi 5.0. Anawabaya calcium gluconate woteteza mtima, kenako insulin pamodzi ndi shuga mudiripi, ndi salbutamol wopumira, kuti potaziyamu achoke m'magazi alowe m'maselo. Anapulumuka, koma impso zinali zitavulala kale. Dokotala uja ndikamukumbukira mpaka lero mtima umandiwawa. Kalata yokayezetsa magazi yokha inamuvuta chiyani?

Ndiye pitani nawo mayi anu akayezedwe potaziyamu ndi creatinine (woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito), mutanyamula mapaketi onse a mankhwala, ngakhale ogula okha aja. Mchere wapadera umene amati ndi wa anthu a BP muubise, mumakhala potaziyamu. Ibuprofen ndi diclofenac ayi. Ndipo musawasiyitse mankhwala panokha, ngakhale ine madokotala sindiwakhulupiriranso kwenikweni.

Komano mwanena kuti akumwa furosemide (mankhwala okodzetsa) ndipo akutsegula m'mimba. Zimenezo zimataya potaziyamu, ndipo akatsika kufika pansi pa 2.5 mtima umasokonekeranso, munthu n'kukomoka. Ndiye mwina anzathuwo sakunama. ORS apatseni ndithu, nthochi imodzi siwapha, koma mapiritsi a potaziyamu asayerekeze asanayezedwe. Mtima ukayamba kudumphadumpha kapena akalephera kuimirira, musadikire kuti kuche.