Bambo wankhanza akufuna kumaona ana: kodi ndivomere?

Mayi wina watilembera imelo kuti anachoka pabanja chifukwa chomenyedwa, ndipo khothi linaletsa mwamunayo kumuyandikira. Pano bamboyo akufuna kumaona ana ake awiri, ndipo ankhoswe akuti anawo azipita kwa agogo akuchimuna Loweruka lililonse. Mayiyu akufunsa ngati avomere.

Mayi, zapakamwa musavomere. Chiletso chanu chinachokera m'lamulo loletsa nkhanza za m'banja la Prevention of Domestic Violence Act la 2006, koma za kuonana kwa bambo ndi ana khothi limaziweruza poika patsogolo ubwino wa mwana, motsatira lamulo loteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Kaonaneni ndi a ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, kenaka mukapemphe khothi kuti bamboyo azicheza ndi ana pamaso pa woyang'anira, ndipo tsiku, malo, nthawi ndi dzina la woyang'anirayo zilembedwe.

Nkhani yagona pa woyang'anirayo. Agogo akuchimuna sangakwanitse, ngakhale atakhala abwino mtima chotani, chifukwa ntchitoyi imafuna munthu woti n'kuuza bamboyo kuti “basi, zathera pano” osanjenjemera. Akhale wosamuopa, wosadyanso za m'manja mwake. Azikhala pafupi moti n'kumamva mawu aliwonse. Kunong'onezana ayi, kutengera mwana kuseri kwa nyumba ayi. Mafunso ngati “mukukhala kuti masiku ano?” kapena “kunyumba kumabwera ndani?” aziwadula pomwepo, poti abambo ena amafufuzira mayi kudzera mwa ana. Mphatso aziyamba waziona. Foni isalandiridwe, chifukwa imatha kuulula komwe mukukhala.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yoperekera ndi kutenga ana. Inu ndi bamboyo musamakumane. Iye azifika mphindi 15 ana asanabwere, ndipo pomaliza azitsalira mphindi 15 inu mutanyamuka, kuti asakulondoleni mpaka pa siteji ya minibasi. Ngati n'kotheka, aziperekeza anawo m'bale wanu. Poyambira, ola limodzi pa masabata awiri n'lokwanira. Akabwera atamwa, tsikulo kulibe kucheza.

Sungani kope. Muzilembamo tsiku, nthawi imene bamboyo anafika, ndi zomwe mwaona mwa ana pambuyo pake: kukodza pogona, kulota zoopsa, kukana kudya. Musawapanikize ndi mafunso, ingolembani zomwe anena okha. Kopeli ndi lomwe mudzaonetse kukhothi popempha kuti dongosolo lisinthe kapena liyambe laima.

Bamboyo akaphwanya chiletso, kaneneni tsiku lomwelo ku Victim Support Unit, nthambi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Pa za ana mungathenso kuimba pa nambala yaulere ya 116.